Chitupa cha agogo ndi malamulo a tsankho ku Joni ndi ku Halale

Nangozo wa ku Ntcheu:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Pali nkhani yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Timasuntha katundu mnyumba mwa agogo kumudzi poti denga likudontha nde pansi pa bedi tapeza kasutikesi kachitsulo ka malemu agogo aamuna, mkati muli mapepala ofiirira ndi kabuku kali ndi chithunzi chawo ali mnyamata, chidindo cha chala, nambala yaitali ndi zidindo zina zambirimbiri, chaka chomwe chikuwerengeka bwino ndi 1958. Agogo aakazi atangokaona anati chitupa cha ku Joni chimenecho bwezerani momwemo, osafunanso kuyankhula. Amayi akuti bambo awowo anamangidwapo kumeneko koma sanabe, sanamenye munthu. Nde munthu amamangidwa bwanji osalakwa? Odziwa mbiri tandimasulireni chonde

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mwana wanga, mlandu wake unali kupezeka pamalo ulibe pepala, basi. Chipani cha National Party chitatenga boma ku South Africa mu 1948 chinayamba kulemba tsankho m'malamulo limodzi ndi limodzi, ndiye apartheid mumamvayo. Mapasi analipo kale kuyambira makedzana koma mu 1952 anakhazikitsa lamulo lomwe dzina lake linkati akuthetsa mapasi, pamene chomwe anachita ndi kuphatikiza mapepala onse mkabuku kamodzi, anthu akuda ankakatcha dompas. Mwamuna wakuda aliyense wa zaka 16 kupita mtsogolo amayenera kuyenda nako usiku ndi usana, akazi zinawafika pambuyo pake. Mkatimo muli chithunzi, umboni wa msonkho, chilolezo chokhala mdera lakuti, ndipo bwana wako amayenera kusayinamo mwezi ndi mwezi. Bwana akaiwala kusayina womangidwa ndiwe. Kuiwala kabukuko mjekete kuntchito, kungotuluka kukagula buledi, polisi nkukuimitsa, wapita. Ndipo mtauni sumaloledwa kupitirira maola 72 pokhapokha ngati unabadwira momwemo, kapena wagwira kwa bwana mmodzi zaka 10, kapena wakhalamo movomerezeka zaka 15. Imeneyo ndi Section 10 yomwe akuluakulu a kumeneko amaitchulabe mpaka lero.

Che Jafali pa Joni:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ndiwonjezerepo pang'ono poti agogo a achemwaliwa anali Mnyasa. Athu samawerengedwa nkomwe pa Section 10 imeneyo, iwo anali foreign native, olo ukhale zaka 30 ulibe ufulu wokhala. Ambiri amabwera pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku migodi, kusayina kontilakiti kumudzi konko, kupimidwa, kukwera ndege mpaka Francistown kenako sitima mpaka ku Joni, nkukutsekera mkomboni ya mgodi amuna okhaokha, mkazi ndi ana osaloledwa, kontilakiti ikatha zaka ziwiri ubwerere kwanu ndipo gawo lina la malipiro ukalandirira ku Nyasaland. Ndiye kabukuko mwina ndi ka Wenela osati dompas yeniyeni. Tajambulani tsamba loyamba tione, koma bisani dzina ndi nambala

Nangozo wa ku Ntcheu:
Ndijambula mawa kukawala achimwene. Koma amayi akuti agogo sanakhalitse kumgodi, anathawa nkukayamba ntchito yophika kwa mzungu wina mtauni

Che Jafali pa Joni:
Eya, ndi pamenepo pomwe anagwidwira. Kuthawa kontilakiti pakokha unali mlandu wa ndende pa malamulo a Masters and Servants, kuphatikizanso kukhala mtauni opanda chilolezo. Amenewa ndi omwe kumudzi ankawatcha matchona. Ophika ndi osamalira maluwa ambiri m'mayadi a azungu anali a kwathu, ankagona mkachipinda kakuseri kwa nyumba, galimoto ya polisi ikamveka usiku mtima phaa

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Ndipo funsani bwino agogo aakaziwo ngati amuna awo sanatumizidwe ku famu. Zaka za m'ma 1950 zimenezo ogwidwa ndi mapasi ambiri samafika nkukhoti komwe, amauzidwa kuti sankha, ndende kapena ukagwire ku famu miyezi ingapo. Ku Bethal, chakum'mawa kwa Transvaal, anthu ankakumba mbatatesi ndi zala, atavala masaka, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti, ena anafera m'minda momwemo. Mtolankhani Henry Nxumalo wa magazini ya Drum anakalowa yekha kumeneko nkuziulula mu 1952, ndipo mu 1959 anthu ananyanyala kugula mbatatesi dziko lonse chifukwa cha zomwezi. Anthu ochokera kunja ngati Anyasa ndiwo ankagwera mdzenje limeneli mosavuta poti analibe wachibale wowafunafuna.

Kondwani Area 25:
Ine ndifunse mosanyoza akuluakulu. Ngati kunali koipa choncho nchifukwa chani anthu athu ankalimbirana kupitako? Agogo anga a ku Dowa anabwerako ndi njinga, wailesi, makina osokera, anamanga nyumba ya malata yoyamba mmudzi monse ndipo mpaka kumwalira ankati Theba, Wenela yomweyo, inali bwino. Mesa anthu amapita okha

NaBanda wa ku Mbare:
Achimwene a Kondwani, kupita wekha pamene msilikali wa msonkho ali pakhomo ndi kupita wekha kumeneko? Msonkho wa nyumba ankafuna ndalama, ndalamayo kumudzi kulibe, ukalephera amagwira mkazi wako kapena kutentha nyumba. Njinga anabwera nayodi sindikukana. Koma tafunsani kuti mzungu amene ankagwira naye pansi pa mgodi womwewo ankalandira zingati

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Funso la Kondwani ndi labwino musamukalipire. Zonse ziwiri ndi zoona. Kwathu kuno kunalibe ntchito, nde ndalama ya ku Joni olo inali yochepa imaoneka yambiri ikafika ku Dowa. Koma kuchepako sikunangochitika, kunali kolembedwa. Lamulo la Mines and Works la 1911 ndi lomwe analikonzanso mu 1926 linasungira azungu ntchito zonse zaluso mumgodi. Wakuda olo adziwe kuphulitsa miyala kuposa bwana wake samapatsidwa setifiketi yake, ndipo zimenezi zinatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1970 mzungu wa mumgodi wa golide ankalandira pafupifupi ka 20 kuposa wakuda. Nde taonani mmene malamulowa ankagwirirana manja. La malo la 1913, Natives Land Act, linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko, mu 1936 anati aonjezera ifike 13 peresenti. Munthu wopanda munda sangachitire mwina, akafune ntchito. Akapita kukafuna ntchito pasi ikumuuza kopita ndi kosapita, sangasiye bwana wankhanza kupita kwa wolipira bwino. Akafika pantchito lamulo lina likuti iwe malire ako ndi fosholo. Akakalamba kapena chifuwa cha fumbi la mgodi chikamugwira, abwerere kumudzi akafere kumeneko. Ine pophunzitsa ndinkawauza ana kuti osamangoona zikwangwani za pa benchi zija, muziona munda ndi malipiro

Kondwani Area 25:
Zikwangwani zake ziti aphunzitsi

Chisomo ku Leeds:
Za Whites Only zija, mchiAfrikaans Slegs Blankes. Lamulo la Separate Amenities la 1953. Mabenchi, zimbudzi, mabasi, zipata za pa siteshoni ya sitima, magombe a nyanja, ngakhale ma ambulansi. Ndipo lamulolo linanena poyera kuti za akuda sizikuyenera kufanana ubwino ndi za azungu. Koma ine limene limandiwawa kwambiri ndi Population Registration la 1950, lija loika munthu aliyense mgulu, White, Native, Coloured, kenako Amwenye padera. Akakayika amayang'ana zikhadabo, mphuno, kapena kukulowetsa pensulo mtsitsi, ikagwa ndiwe wakuti ikakodwa ndiwe wakuti. Kuli mayi wina Sandra Laing anabadwa mu 1955 ku Piet Retief, makolo onse awiri azungu koma iye anabadwa woderako tsitsi lopotana, ali ndi zaka 10 anamuchotsa pa sukulu ya azungu apolisi nkumuperekeza kwawo, boma nkumulemba Coloured. Banja lonse linasweka. Ndinalira nditawerenga nkhani yake

NaBanda wa ku Mbare:
Ndiloleni ndikambeko za kuno ku Zimbabwe poti anthu akamati tsankho amangoganiza za ku Joni. Ine ndinabadwira ku Mbare, agogo anachokera ku Dedza wapansi kudzera ku Tete, ena ankabwera pa malole a Mthandizi. Kuno dzina loti apartheid kunalibe koma zochitika zake zomwezo. Land Apportionment Act ya 1930 inapatsa azungu pafupifupi theka la dziko, maekala 49 miliyoni, kumene kuli nthaka yabwino ndi mvula ndi njanji, azunguwo asakukwana ndi 50,000 omwe pamene akuda anali oposa miliyoni. Eni dziko anakankhidwira ku ma reserve a mchenga. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu kuno, atalengeza UDI, kudzipatsa yekha ufulu wodzilamulira Britain asakuvomera, pa 11 November 1965 anabweretsanso Land Tenure Act mu 1969, kugawa pakati ndi pakati ngati kuti anthu ake ndi ofanana kuchuluka, chonsecho azungu anali ngati 5 pa 100 alionse. Mfumu Rekayi Tangwena ku mapiri a Nyanga anakana kuchoka pa malo a makolo ake, boma linagwetsa nyumba ndi mabuludoza kangapo konse anthu nkumakabisala kumapiri. Ife a ku Nyasaland tinalibe ndi reserve yomwe, kwathu kunali komboni ya pa famu kapena pa mgodi, Shamva, Wankie, kumene bwana wakuika. Agogo ankati situpa, ndi mmene ankatchulira kuno, ankagona nacho mthumba la malaya. Mtauni ya Salisbury, Harare ya leroyi, kale wakuda samaloledwa kuyenda pa pevumenti, uziyenda mumsewu ndi ngolo. Mowa wa mabotolo unali woletsedwa kwa akuda mpaka 1957. Ndipo kunali lamulo la 1903 lomanga mwamuna wakuda akagona ndi mzungu wamkazi, koma mzungu wamwamuna akatero ndi mkazi wakuda panalibe mlandu. Gule wamkulu ndi mabungwe a maliro ndi zomwe zinatisunga ngati anthu m'makomboni muja, mpaka lero gule amavinidwa kuno

Nangozo wa ku Ntcheu:
Mayi zikomo, sindimadziwa kuti ku Halale kunalinso choncho. Kwathu akati wapita ku Halale timangoona ngati kunali kokadya bwino

NaBanda wa ku Mbare:
Kudya kunalipo mwana wanga, ufa ndi nyemba za pa resheni. Chomwe kunalibe ndi pako. Nchifukwa chake mafamu atalandidwa kuyambira 2000 ambiri a ife tinasowa kolowera, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ana obadwira konkuno akulembedwa alien pa chitupa. Muzu wake ndi womwe uja, agogo athu analembedwa ngati manja ogwira ntchito osati anthu okhala

Amalume a ku Chipata:
Kuno ku Zambia nafenso tinali nacho chitupa. Ndipo m'mabutchala ndi masitolo a azungu ku Lusaka ndi ku Copperbelt wakuda samalowa pakhomo, umagulira pa kawindo kumbali, nyama yake yokukulungira kale osaiona. A Congress ya Harry Nkumbula anachititsa anthu kunyanyala mabutchala amenewa m'ma 1950. Mu 1961 nthawi ya Cha Cha Cha anthu anatentha zitupa. Bambo anga anatentha nawo chawo ndipo ankanyadira mpaka ukalamba

Kondwani Area 25:
Nanga ku Malawi kuno? Kapena ife tinapulumuka

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Sitinapulumuke koma kuno azungu okhazikika anali ochepa nde sizinafike pa mulingo wa kumwera. Chathu chinali thangata, makamaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba kuno. Malo aakulu a Shire Highlands anatengedwa ndi ma esiteti kuyambira m'ma 1890, munthu wokhala pamenepo amalipira lendi ndi thukuta lake, miyezi yogwira kwa mwini esiteti nthawi ya dzinja pomwe munda wake ukufunanso khasu. Za John Chilembwe mu January 1915 ku Magomero muzu wake umodzi ndi umenewu, pamodzi ndi zovula chipewa ukakumana ndi mzungu. Thangata anathetsedwa mu 1962. Masukulu, zipatala ndi makalabu zinali zosiyana, azungu kwawo, Amwenye kwawo, ife kwathu. Ndipo chifukwa chachikulu chomwe makolo athu anakanira chitaganya cha 1953 nchoti ambiri anali atakagwirako ntchito ku Halale ndi ku Joni, anaona ndi maso awo, ankadziwa kuti ulamuliro ukachokera ku Salisbury malamulo a malo aja afika kuno. Amene anabwera ndi njinga aja anabweranso ndi nkhani

Che Jafali pa Joni:
Ndipo tisaiwale kuti mmodzi mwa oyamba kugwedeza azungu kuno anali wa kwathu. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 ndi anthu a pa doko, pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Anamwalirira ku East London mu 1951. Ana a kuno ambiri sadziwa kuti anali Mtonga wa ku Malawi, ine ndimawauza akayamba zoti makwerekwere

Chisomo ku Leeds:
Koma tinene zonse abale. Boma lathu la Kamuzu linatsegula ubale ndi boma la apartheid mu 1967 pamene maiko ambiri a mu Africa akulikana, Vorster, nduna yaikulu ya South Africa nthawi imeneyo, anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu nkupita ku South Africa mu 1971, ndipo ngongole yoyambira kumanga Lilongwe inachokera komweko. Anzathu a ku South Africa akatikumbutsa zimenezi ine ndimasowa poyankha

Kondwani Area 25:
Apa nde ndikana achemwali. Dziko lopanda doko, lozunguliridwa ndi Apwitikizi ku Mozambique ndi Smith ku Rhodesia, anthu oposa 100,000 ali m'migodi ya komweko akutumiza ndalama, mumafuna atani? Kamuzu mwini wake anagwirapo pa mgodi ku Boksburg ali mnyamata, tsankho ankalidziwa. Ndipo ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 nkupha Amalawi 74 ndi iye yemwe anaimitsa Wenela

Chisomo ku Leeds:
Zambia nayonso inalibe doko koma inasunga ANC ku Lusaka ndipo inaphulitsidwa nazo. Ndipo Theba inayambiranso mu 1977 mpaka 1988. Sindikuti zinali zophweka koma kusankha kunalipo

Amalume a ku Chipata:
Tinalipira mtengo wake ife, mizere ya ufa ndi mabomba a Smith. Koma nkhani ya Kamuzu ndi ya tsiku lina ana inu, tingasiye agogo a Nangozo panjira

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Zoona. Tibwerere ku pasi. Chaka cha 1958 chomwe chili pa kabukuko chinali pakati penipeni pa moto. Pa 9 August 1956 amayi pafupifupi 20,000 anayenda kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukana kuti mapasi afikenso kwa akazi, akutsogoleredwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Chaka cha 1955 apolisi anali atayamba kusamutsa anthu ku Sophiatown kupita nawo ku Meadowlands, malowo nkuwagumula, kumangapo nyumba za azungu nkuwatcha Triomf. Ku Cape Town District Six analengeza kuti ndi ya azungu mu 1966 pa lamulo la Group Areas, anthu oposa 60,000 anachotsedwa. Kenako 21 March 1960 ku Sharpeville, anthu anapita ku polisi atasiya mapasi kunyumba kuti timangeni tonse, a PAC ya Robert Sobukwe ndiwo anakonza, apolisi anaombera, chiwerengero chomwe boma linapereka ndi 69 akufa, ambiri anawomberedwa kumsana akuthawa. Mapasi anathetsedwa mu 1986, atamangitsa anthu maulendo oposa 17 miliyoni kuyambira 1916. Group Areas, malamulo a malo ndi Population Registration anafafanizidwa mu 1991

Che Jafali pa Joni:
Anafafanizidwa pa pepala koma mapu ake alipobe aphunzitsi. Ine ndimakhala ku Alexandra ndimagwira ku Sandton, pakati pake ndi msewu waukulu wa M1 basi, mmawa uliwonse timawoloka wapansi gulu lalikulu ngati nyerere kukagwira m'nyumba zokhala ndi maswimingi pulu, madzulo kubwerera ku mikuku. Ndipo ndisaname, ndikaona veni ya polisi dzanja limathamangira mthumba kufufuza pasipoti. Sindikuti ndi zofanana ndi kale, pano pali khoti, pali mavoti, wakuda akhoza kugula nyumba ku Sandton akakhala ndi ndalama. Koma ndikamagwira mthumbamo ndimakumbuka madala aja

Nangozo wa ku Ntcheu:
Ndabweranso abale. Usiku ndinakhala ndi agogo pakhonde ndinawawerengera zina mwa zomwe mwalembazi, makamaka za ku famu zija. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anayamba okha. Akuti agogo aamuna anagwidwa Lamulungu akuchokera ku tchalitchi, makalata anasiya kubwera miyezi 9, kumudzi anthu anayamba kuwauza kuti amuna anu atchona kapena afa, akuchimuna mpaka anayamba kukamba zowamasula. Atabwera anafika ndi kasutikesi komweka, opanda njinga opanda bulangete, zikhadabo za mmanja zitathothoka ndipo kumsana kuli zipsera. Sananene dzina la malowo, ankangoti ku mbatata. Ndipo akuti moyo wawo wonse kachewere samadya, ife timangoti sakonda

NaBanda wa ku Mbare:
Mayo ine. Pepani mwana wanga, muwagwire dzanja agogowo mmalo mwathu

Kondwani Area 25:
Pepani achemwali. Agogo anga aja sindinawafunsepo kuti chala chawo chapakati chinaduka bwanji, ndikafunsa amalume

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Kabukuko musakakutire pulasitiki ya moto ija, imaononga inki. Kaikeni mu envelopu youma, jambulani tsamba lililonse, ndipo agogo akalola muwajambule mawu pa foni akufotokoza okha

Nangozo wa ku Ntcheu:
Ndamva aphunzitsi. Che Jafali ndakutumizirani zithunzi ku inbox, pa tsamba lachitatu pali chidindo chofiira chopingasa tsamba lonse, mawu ake sindikutha kuwawerenga ngati ndi chiAfrikaans, pansi pake pali deti ya 1959 ndi siginecha

Che Jafali pa Joni:
Ndazilandira koma chachitatucho chatuluka mbuu. Jambulaninso panja pa dzuwa osayatsa fulashi, pali mdala wina wa ku Mzimba timapemphera moyandikana anabwera kuno 1961 sanabwererenso, ndikamuonetsa Lachisanu